Dzanja Lamanzere la Wometa

Tsiku limenelo kunacha ndi kamvula kowaza, kosafuna kugwa zenizeni, kosafunanso kuleka. Nyengo yotere nyamakazi imadzuka mwini wake asanadzuke. Wometa anatsegula shopu yake mapazi akumveka ngati obwereka, n'kuyamba kuzungulirazungulira m'kachipindako. Anapukuta galasi, anasuntha zipeso, anabwerera kukapukuta galasi lomwe lija. Kuima malo amodzi ndiko kunkamuvuta. Akangoima, pansi pankachita ngati pakupendekeka.

Zala zake zakumapazi zinapindika kalekale n'kuleka kugwira pansi, akakolo nawo anauma gwa. Koma anthu sankadziwa, chifukwa anali ndi njira yake. Pometa, dzanja lamanja linkagwira lumo, lamanzere linkakhazikika pamutu pa munthu, iye n'kutsamira pamenepo. Mitu ya anthu ndiyo inali ndodo yake. Ometedwawo ankangoti mkuluyu ndi wolemera dzanja. Malemu mkazi wake yekha ndiye ankadziwa, ndipo sanauzepo munthu.

Mwana wake wamkazi anayamba kukayikira mkuluyo atagwa m'bafa, sopo atamutsinzinitsa kamphindi chabe. Patapita masiku awiri anabweretsa mpando wautali, wa miyendo yachitsulo.

"Bambo, adokotala anati muzimeta mutakhala."

"Wometa sakhala."

"Chabwino. Koma mukadzagwa lumo lili m'manja, shopu ino ndidzakhoma ndekha, makiyi simudzawaonanso."

Wometa anaika wailesi pampandopo, ndipo inakhala pomwepo miyezi isanu.

Kamvula kasanaleke analowa dalaivala wa basi, amene anzake ankamutcha Mabuleki, munthu amene wometa anamumeta zaka makumi awiri. Atavula chipewa, paliwombo panaoneka bandeji yaikulu.

"Chitseko cha basi chinandimenya, achimwene. Andisoka malo asanu ndi awiri. Ndimeteni ndevu zokha, alamu anu akuti ndikuoneka ngati wothawa kundende." Anadziponya pampando wometera. "Koma lero dzanja lanu la njerwa lija ayi. Pamutu pano ngakhale ntchentche sikuloledwa."

Wometa anamukoleka nsalu m'khosi, anapaka thovu, anapakanso lina pamwamba pake. Anatenga lumo. Dzanja lamanzere linanyamuka lokha, linafika pamwamba pa bandeji, n'kuima m'malere osadziwa kolowera.

Anayang'anitsitsa mphuthu ya chitseko m'galasi, chifukwa maso akagwira chinthu choongoka thupi linkamverako. Koma ndevu sumeta ukuyang'ana chitseko. Atangoweramira kukhosi, pansi panayamba kuthawa. Anabwerera m'mbuyo, chigongono chinagunda shelefu, zipeso zinamwazika.

"Lumo labuntha," anatero.

Anakalinola. Anayang'ana panja, anatsitsa wailesi, anaikwezanso. Thukuta linkatsika kumsana ngakhale kunkazizira. Atabwerera anayesa kutsamira ndi chiuno pampando wometera, koma mpandowo unali wozungulira, unatembenuka pang'ono n'kumusiya. Lumo linadutsa pafupi ndi kholingo la dalaivala, n'kuchotsa thovu lokha.

Dalaivala ankayang'ana m'galasi, osati nkhope ya wometa, koma dzanja lamanzere lija limene linali likufunabe pogwira.

"Aa, achimwene," anatero pang'onopang'ono. "Zaka zonsezi ine ndimati mumandikonda, mumandisisita mutu. Kani ndinali mzati?"

Wometa sanaseke.

"Ndiye khosi limandipweteka lija, akazi anga n'kumanamizira pilo! Tagula mapilo atatu, achimwene, atatu!"

"Khalani bwino. Ndimalize."

"Mumalize chiyani, ndevu kapena ine? Khosi ndili nalo limodzi lomweli." Dalaivala anagwira nsalu ija ngati akufuna kuivula, koma anaisiya. Analoza ndi chibwano chathovu kukona kumene wailesi inkaimba. "Ine basi ya anthu makumi asanu ndi limodzi ndimayendetsa nditakhala. Munamvapo wina akunditi waulesi? Wailesiyo ili ndi nyamakazi kuti izikhala pampando, inu muli chiimire?"

Wometa anayang'ana kukhomo. Dalaivala akatuluka ndi thovu kumaso, pofika madzulo msewu wonse ukhala utamva, ndipo mwana wake amva nawo. Anayang'ana lumo. Dzanja lamanja linali lisanaiwale kanthu, silinkanjenjemera ngakhale pang'ono. Mapazi okha ndiwo anamukana.

"Thovu likuuma, achimwene," anatero dalaivala, ulendo uno motsitsa mawu.

Wometa anaika lumo pashelefu. Anayenda akugwira khoma mpaka kukona, anatsitsa wailesi n'kuiika pansi. Anakoka mpando wachitsulo uja kufika nawo pambali pa dalaivala, anakhalapo, anatenga lumo, n'kuyambira tsaya lamanzere.