Kadontho Kamene a Mwetulirani Anafufuta

Amuna anga anthu amawatchula kuti a Mwetulirani. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ankauza anthu mawu amodzimodziwo mu situdiyo yawo yojambulira zithunzi, mpaka dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso. Koma mafoni atabwera, aliyense n'kusanduka wojambula, situdiyo inatsekedwa. Bambo aja anangofikira pampando wa pawindo, manja pamawondo, duu. Ukawafunsa kanthu, "Chabwino." Ukawauza kuti tiyi wazizira, "Chabwino." Zaka ziwiri zathunthu! Ine ndine wolongolola, sindikana, koma kulongolola wekha m'nyumba muli munthu kumapweteka.

Amene anatipulumutsa ndi mkamwini wathu, mphunzitsi wa sayansi. Anabwera ndi kompyuta yakale n'kuwauza apongozi akewo kuti zimene amajambula ndi matelesikopu akuluakulu oonera nyenyezi aja, ena oyandama kumwamba kwenikweniko, akatswiri amaziika pa intaneti zosakonza, kuti wofuna atenge. Ndinasuzumira nawo. Ndinkayembekezera zokongola, koma ndinangoona chinthu chakuda bii, timadontho apa ndi apo, ngati kunsi kwa poto.

"Ndiye zimenezi?" ndinatero.

A Mwetulirani anasendeza mpando. "Mayi, imeneyi ndi negetivu. Sinatsukidwe chabe."

Aka kanali koyamba pa zaka ziwiri kuti anditsutse. Ndinalowa kukhitchini, ndinalirako pang'ono, kenako ndinaika madzi pamoto.

Kuyambira tsiku limenelo tebulo lodyera linalandidwa. Tinkadyera m'mphepete ngati alendo. Iwo anakonda ma nebyula, mitambo ikuluikulu ya fumbi ndi mpweya imene ili pakati pa nyenyezi. Mtambo umodzi unkabwera pa zithunzi zitatu zotuwa, chilichonse chojambulidwa ndi sefa yakeyake yolowetsa kuwala kwa mpweya wamtundu umodzi. Bambo ankakoka kuwalako pang'onopang'ono mpaka mtambo utuluke mumdima. Kenako ankasanjikiza zithunzi zitatuzo, nyenyezi pa nyenyezi inzake, n'kupereka mitundu: ichi chofiira, ichi chobiriwira, ichi chabuluu. Tiyi ankazizirabe, koma tsopano ankazizira pachifukwa.

Panalinso ntchito yoyeretsa, chifukwa nayo kamera ya kumwamba imagwira zitsotso. Mkamwini anawasiyira lamulo limodzi: "Bambo, chikaoneka pa chithunzi chimodzi chokha, n'chitsotso, fufutani. Chikaoneka pa zonse zitatu pamalo amodzimodzi, chilipodi kumwambako, chisiyeni." Iwo anangoseka. Mwana wadzulo kuphunzitsa munthu amene wachotsa ziphuphu pankhope za akwatibwi a tawuni yonse?

Mtambo wina anaugwira milungu itatu. Utatha anandiitana ndi dzina la pa chibwenzi, limene sindikuuzani. Abale inu, kukongola! Kufiira kwake ngati makala a moto, m'mbali mwake golide, nyenyezi zili waa. M'mawa womwewo anatumiza chithunzicho ku gulu lawo la pa intaneti, la anthu wamba ochita zomwezi. Anavala mpaka malaya ositidwa, ngati akuwaona.

Masana yankho linafika kuchokera kwa mayi wina wa m'gulumo, dokotala wa mano wopuma pantchito. Bambo anandiwerengera mokweza, akunyadira. "Mitundu yake ndi yabwino zedi," mayiyo analemba. Apa mawu a bambo anayamba kutsika. "Koma chakumtunda kumanzere pamayenera kukhala kadontho kakuda. Kapita kuti? Kameneko ndi fumbi lothithikana, ndipo mkati mwake mukubadwa nyenyezi."

Anatseka kompyuta. Anaifunditsa nsalu ya patebulo, n'kupita pampando wa pawindo uja.

"Bambo, si mungokonza?"

"Chabwino."

Mawu amenewo ndinkawaopa kuposa matenda. Tsiku loyamba ndinati ndi manyazi chabe, awatha. Lachiwiri ndinapukuta fumbi pa kompyuta mwaphokoso, dala, koma sanacheuke. Lachitatu mkamwini anaimba foni n'kunena kuti aliyense amalakwitsa, iwo n'kuyankha kuti zinthu zimenezi n'za anthu ophunzira, osati nkhalamba ya m'situdiyo. Ndinaona kuti ndikangokhala chete, amuna anga apitanso, ndipo ulendo uno sabwerako.

Ndinatsegula kabati n'kutulutsa envulopu yakale. Munali chithunzi cha mtsikana wa zaka makumi awiri, nkhope yosalala see ngati mbale. Mtsikanayo ndi ine. Kungoti ine ndinabadwa ndi kadontho kakuda pambali pa mphuno, kumanzere kuno, ndipo mnyamata wa m'situdiyo anakachotsa pa negetivu ndi kapensulo kosongoka. Tsiku lokatenga chithunzicho ndinamukalipira mpaka anthu anaima pakhomo. Ndinamufunsa kuti ameneyu ndi mwana wa ndani. Iye anapepesa, nati ndibwerenso andijambule bwino. Ndinabwera, akuti kuwala sikuli bwino. Ndinabweranso, akuti filimu yatha. Ulendo wachisanu anafunsa kwathu.

Ndinawaikira chithunzicho pamiyendo, n'kukokera mpando pafupi.

"Kadontho ka kumwamba kaja kanali pa zithunzi zingati?" ndinafunsa.

"Pa zonse zitatu."

"Ndiye munkadziwa kuti si chitsotso."

"Ndinkadziwa. Koma kankaipitsa chithunzi, mayi. Dzanja linangopita lokha."

"Eya, dzanja limenelo ndimalidziwa," ndinatero. "Tadzukani muone zithunzi zathu pakhoma apo. Cha ukwati, mwanditembenuza. Cha tsiku lobadwa mwana wathu, mwanditembenuza. Zaka makumi anayi ndikujambulidwa tsaya limodzi ngati linalo ndinabwereka! Adzukulu akadzaona zithunzi zimenezi adzati agogo awo anali munthu wina."

Anayang'ana pakhoma, chimodzichimodzi, ngati akuziona koyamba. "Ndinkayesa kuti simukakonda."

"Munandifunsa?"

"Mukanandipatsa mpata?"

Iii, ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi envulopu. Koma mumtima ndinali kuvina, chifukwa munthu woyankha chipongwe ndi wamoyo. Kenako anatsitsa mawu, maso ali pa chithunzi chakale chija.

"Mukudziwa, mayi, ine ndikatsinzina kuti ndikuoneni, ndimayamba kuona kadonthoko. Zina zonse zimabwera pambuyo."

Ine wolongolola uja ndinangonyamuka n'kukavundukula kompyuta, nsalu ija n'kuipinda bwinobwino.

"Negetivu yanga munaiwononga," ndinatero. "Za kumwambazi munawononganso?"

"Ayi, zimenezo zilipo. Munthu amagwira ntchito pa zokopera, zoyambirirazo sazikhudza."

"Ndiye mukudikira chiyani?"

Anakhala pansi. Anatsegula zithunzi zitatu zotuwa zija, ndipo kadontho kanali pompo, pa choyamba, pa chachiwiri, pa chachitatu, kakuda bii, kosapepesa kwa munthu. Ntchito yokabwezera inawatengera masana onse, chifukwa ankafuna kuti m'mphepete mwake muoneke momwe kuwala kofiira kumakazungulira. Atamaliza ndinayang'anitsitsa. Kunena zoona, poyamba paja mtambowo unali wokongola ngati nsalu ya m'sitolo. Tsopano diso linali ndi poyambira.

Anamulembera dokotala wa mano uja kuti, "Zikomo mayi. Ndinazula dzino labwinobwino, ndalibwezera." Anaseka okha nthabwala yawoyo mpaka kutsokomola.

Ndinkati zathera pamenepo, ndikaone za kukhitchini. Koma ndinamva akufwanthula m'chipinda, n'kutuluka ndi kamera yawo yakale, akuipukuta ndi m'mphepete mwa malaya. Anakoka mpando wa pawindo uja, umene ndinkalakalaka nditauwotcha, n'kuutembenuzira ku dzuwa.

"Takhalani apa."

"Ndi diresi iyi? Tsitsi lili chonchi?"

"Chomwecho."

Ndinakhala. Mwachizolowezi ndinayamba kutembenuza nkhope ndekha, kubisa tsaya lakumanzere. Iwo anandigwira chibwano ndi zala ziwiri, mofatsa, n'kundibwezera ku kuwala. Anabwerera m'mbuyo masitepe atatu n'kukweza kamera.

"Mwetulirani," anatero.

Ndinkati ndiwauze kuti ayambe ndi iwowo. Nditayang'ana pansi pa kamerapo, ndinapeza atayamba kale.