Mmene Malemu Ankachunira Gitala

A Mawotchi, monga ankawaitanira anthu a mumsewu umene munali kashopu kawo kokonzera mawotchi, anazindikira tsiku lina masana kuti nyimbo ya akazi awo yayamba kuwathawa. Anali atawerama patebulo, kagalasi kali padiso, akuing'ung'udza chamumtima monga ankachitira chimwalirireni mayiwo. Atafika pakati, pamene nyimboyo inkakwera, anapeza palibe kanthu. Anabwerera poyambira. Anadzagweranso m'dzenje lomwelo.

Nyimboyo sinali ya pa wailesi. Malemuwo anaimva kwa munthu wina ali mtsikana, n'kuisinthasintha mpaka inasanduka yawoyawo. Inkanena za munthu amene waperekeza mnzake kokwerera basi koma akukanika kubwerera kunyumba. Ankaiimba atakhala pampando wa pafupi ndi windo, gitala ili pamiyendo, osakhwatcha ayi, koma kukodola nsambo imodziimodzi ndi chala chachikulu ndi cholozera. Palibe anaijambula pafoni. Ndani amajambula mawu a munthu amene akudzuka naye m'nyumba imodzi?

Ataweruka anakatsitsa gitala ija pamwamba pa kabati. Anali asanaiimbepo chibadwire. Ntchito yawo inali kumvetsera. Koma pakhosi pa gitalayo panali timalo totuwa pamene zala za malemu zinadya polishi. Anaika zala zawo pa timalo tiwiri toyandikana, n'kukodola nsambo yaikulu, kenako yachitatu.

Anachotsa dzanja msanga ngati agwira mbaula. Anali mawu omwewo, otopa pang'ono ndi fumbi, koma omwewo.

Kuyambira tsikulo ankatseka shopu dzuwa likadalipo. Ankakhala pampando wawo, wa pawindo uja osaukhudza, n'kumafunafuna. Zala zozolowera tinthu ting'onoting'ono ta mkati mwa wotchi zinkaterereka pa nsambo, nsonga zake zinatupa kenako zinauma. Koma chala chachikulu chinaphunzira kuyenda chokha, kupita ndi kubwera pa nsambo ziwiri zazikulu, cholozera chikutola mawu pamwamba. Akapeza kodi imodzi, ndiko kuti kagwiridwe kamodzi ka zala pa nsambo, inkawatsogolera ku inzake, ndipo chidutswa cha nyimbo chimene chinasowa m'mutu chinkatulukira m'zala. Anali atayandikira ndithu pa dzenje lija pamene nsambo yaing'ono inaduka n'kuwakwapula padzanja.

Loweruka limenelo kunabwera mwana wawo wamkazi ndi mwamuna wake. Mkamwiniyo anali munthu wa mtima wabwino ndi manja osakhazikika, wokonza ndi zinthu zosawonongeka zomwe. Anaona gitala yoduka nsambo yatsamira khoma. A Mawotchi anapita kushopu kukapereka wotchi ya munthu wina. Pobwera anapeza mkamwini uja ali pakhonde, gitala ili pamiyendo, ikung'anima.

"Bambo, ndakuikirani zatsopano zonse," anatero akumwetulira. "Zakale zija zinali dzimbiri lokhalokha, mukanadwala nazo kafumbata. Ndaziponya m'galimoto ya zinyalala imadutsa ija. Ndiye inali yosachuna, bambo! Nsambo zina zinali pansi penipeni. Ndachuna ndi foni, panopa ili ngati ya m'sitolo."

A Mawotchi analandira gitala ndi manja awiri. Anaika zala pa timalo totuwa tija n'kukodola. Munatuluka mawu oyera, okongola, achilendo, ngati munthu wina wavala diresi ya akazi awo.

"Aa, pamenepo si pogwira, bambo. Kodi yoyamba imagwiridwa chonchi, zala zitatu. Ndikuonetseni?"

"Zikomo," anatero a Mawotchi.

Mwana wawo, amene anaimirira pakhomo ndi thireyi ya makapu, anawayang'ana kumaso n'kuitana mwamuna wake. "Tabwerani mundithandize kuno." Kukhitchini kunamveka manong'onong'o, kenako mawu a mkamwini: "Koma ine ndimati ndikuthandiza!" Potsanzikana anagwira dzanja la apongozi ake nthawi yaitali, maso ali pansi. A Mawotchi anangogwedeza mutu. Mlandu panalibe. Malemuwo ankachuna gitalayo mwa njira yawoyawo, ndipo mmene anaisiyira tsiku lomaliza ndi mmene inakhalira pakabati paja. Chinali chinthu chotsiriza m'nyumbamo chimene chinali chikadali mmene dzanja lawo linachisiyira, ndipo iwo eni sanachidziwe mpaka chitachoka.

Masiku otsatira anali oipa. Akagwira pamene malemu ankagwira, mawu ankatuluka olakwika. Akatsatira khutu n'kusaka mawu olondola, zala zinkagwera pamalo osatuwa, pamene chala cha mayiwo sichinapondepo. Choopsa chinali chakuti mawu olakwikawo anayamba kukhazikika. Ali kushopu, pakati pa mawotchi ogunda mosagwirizana, ankati akaing'ung'udza nyimbo ija sankadziwanso kuti apa ndi pa akazi awo kapena ndi pa nsambo zatsopano.

Lamulungu lina masana kunatulukira mlamu wawo, mng'ono wake wa malemu, mayi wonenepa wogulitsa nsalu, amene mawu ake ankafika m'nyumba iye akadali pageti.

"Odi kuno! Amuna anga alipo, kapena nawonso anatisiya osatsanzika?" Analowa osadikira yankho, n'kudzigwetsa pasofa. "Ndamva zoti mwasanduka woimba. Pa ukalamba uno, alamu? Mukufuna kukopa ndani? Ine ndilipo kale, sindifuna gitala."

"Mwaswera?"

"Taonani, mawu amodzi basi. Achemwali anapirira, ine ndikanathawa chaka choyamba." Anaitenga gitala n'kuizunguza. "Mwana uja wandiuza zonse. Mkamwini wanu akuyenda ngati wapha munthu."

"Achemwali anu ankaichuna bwanji?"

"Ndidziwa bwanji ine? Ine ndi gitala ndi kutali. Chimene ndikudziwa n'chakuti kachala kawo kakang'ono kanathyoka tili ana, ndinawamenyetsa ndi chitseko ndine, sikankapindika. Ndi chinzake choyandikana nacho chinali chaulesi. Ndiye anati m'malo moti zala zivutike, zivutike nsambo. Ankazikhwefula mpaka zala ziwiri zokha zikwane."

"Ziti?"

"Iii, alamu, mukundifunsa ngati wapolisi. Yaikuluyo ndiye ndikuikumbuka. Inkachita kunjenjemera, brrr, ngati lata lomasuka pamphepo. Bambo athu ankati m'nyumba mwalowa bemberezi." Anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Nyimbo yakeyo ndikuidziwa. Imayamba chonchi..."

Anatsegula pakamwa n'kuyamba kuimba, ndi mawu aakulu a kwaya. Mawu a nyimbo anali omwewo, koma kayendedwe kake kanali kena, kothamanga, kokwera pamene malemu ankatsika.

"Lekani."

"Mwati?"

"Lekani, mlamu. Chonde."

Anali asanakwezepo mawu pamaso pa mayiyo. Mlamuyo anatseka pakamwa. Anawayang'ana a Mawotchi, amene anali atatseka makutu ndi zikhato ngati kamwana, milomo ikuyenda, akugwirira kanyimbo kawo kuti kasakokoloke. Anaimirira mwakachetechete, anakatsuka makapu amene anawapeza musinki, n'kutuluka. Pageti sanakuwe monga mwa nthawi zonse.

A Mawotchi anakhala pansi ndi gitala. Anachita monga amachitira ndi wotchi yosadziwika vuto lake: kukhudza chinthu chimodzi chokha, pang'ono, n'kumvetsera. Zala ziwiri anaziika pa timalo totuwa, osazisunthanso. Zimenezo ndizo zinali zoona. Ndi dzanja linalo anapotokola kachitsulo kokungira nsambo yaikulu. Mawu anatsika. Anapotokolanso. Anatsikabe, nsambo inayamba kulendewera, mpaka anaopa kuti aipitirira. Kenako inagunda pakhosi pa gitala n'kunjenjemera, brrr, ndipo ubweya wa pamikono yawo unaima.

Yachiwiri inawavuta. Anayesa kukhwefula yoyandikana nayo, sizinagwirizane, anaibwezera. Anayesa ina, ayi. Dzuwa linachoka pakhoma n'kutsikira pa simenti. Panja ana ankamenya mpira pageti la eni ake, wina akuwakalipira. Atafika pa nsambo yaing'ono kwambiri, imene inawadukira ija, anaitsitsa pang'ono pokha, ndipo mawu awiriwo, wapansi ndi wapamwamba, anakumana n'kugonerana ngati anthu odziwana.

Anayamba poyambira. Chala chachikulu chinapita n'kubwera, cholozera chinatola. Kodi yoyamba, yachiwiri. Zala zinkagwera zokha pamalo otuwa. Anafika pa dzenje lija mtima uli m'mwamba, koma zala sizinaime. Zinatsetserekera kumunsi kwa khosi, pa timalo tina tiwiri timene anali asanatigwiritsepo ntchito, ndipo nyimbo inakwera, yonse, yosasowa kanthu, n'kutsikanso bwinobwino kubwerera poyambira.

Pobwerera poyambirapo ndi pamene mawu a munthu ankalowa. Gitala inkazungulira yokha kaye, kenako nsambo yaikulu inkalira payokha, n'kusiya kampata kakang'ono. A Mawotchi anakodola nsambo yaikulu ija. M'kampatako, kumbali ya windo, anamva munthu akukoka mpweya.

Sunali mphepo. Windo linali lotseka, katani ili chiimire. Unali mpweya wa m'mphuno, waufupi, wokhala ndi kamluzu pang'ono, wa munthu amene watsala pang'ono kuimba. Zaka zonsezo anaumva kosawerengeka osadziwa kuti akuumva.

Dzanja linauma pa nsambo. M'chipindamo munati zii. Sanatembenuke. Ankadziwa kuti pampandopo pali nsalu yoluka ndi kuwala kwa dzuwa basi, ndipo sanafune kuti maso awauze zimenezo. Ankadziwanso kuti akapitiriza, pamene payenera kulowa mawu sipalowa kanthu.

Anabwerera pa kodi yoyamba. Anazungulira pang'onopang'ono, osathamanga, nsonga za zala zikuwawa. Nsambo yaikulu inanjenjemera. Kampata kanatseguka. Mpweya uja unakokedwanso.

Sanapitirire. Anayambiranso.

Mwana wawo atafika ndi chakudya m'kontena, dzuwa likupendeka, anaimva ali panjira ndipo anaima chilili, dzanja lili pachifuwa. Analowa monyang'ama n'kuima pakhomo la pabalaza.

"Bambo, mwaipeza," ananong'ona. "Ndi yomweyo. Bwanji simukupitiriza? Apa m'pamene amayi ankayambira."

A Mawotchi sanadzutse mutu. Chala chachikulu chinkapita n'kubwera.

"Khala chete," anatero motsitsa. "Akukonzeka."