Guluu Wachikasu

Wosoka nsapato wa pakhonde la sitolo ya utoto anali ndi umboni umodzi wokha, ndipo ankautulutsa pa mkangano uliwonse: zaka makumi awiri akumata nsapato ndi guluu wake wachikasu, palibe kasitomala anabwerako kudzadandaula. Singano anaisiya kalekale. Ankati kusoka n'kwa anthu okayikakayika ngati mnzake wa tsidya la msewu, amene benchi lake silinkazizira.

"Mukuwaona anthuwo?" ankatero. "Angobwererabwerera. Ntchito yosalimba imeneyo."

Lolemba m'mawa mwana wake wamkazi anafika ndi nsapato yakuda, soli itayasama. Anali ataitanidwa ku intavyu ya ntchito, yoyamba pa zaka zitatu chimalizireni sukulu.

"Adadi, muisoke chonde. Guluu ayi."

"Iwe, unamuonapo munthu atabwerera kuno?"

"Ayi, koma..."

"Basi."

Anapaka, anauzira, anamenya katatu ndi hamala. Mtima wake unali mbee, poti mwana akapeza ntchito atavala luso la bambo ake.

Masana anawoloka msewu kukagula misomali. Pabenchi la mnzake uja anapezapo mwana wake wamkazi yemwe uja, phazi limodzi lili panyuzipepala, maso ali psuu.

"Inathothoka pamasitepe, adadi," anatero mwanayo. "Ndikuthamangira soli pansi, anaitana dzina langa kawiri. Kenako analowetsa wina."

Bamboyo anasowa poyang'ana, ndiye anayang'ana pashelefu. Panali nsapato zodikira singano, mzere wathunthu, iliyonse ili ndi nkhanambo yachikasu m'mphepete mwa soli. Anazizindikira ngati ana ake: ya aphunzitsi, jombo za mlonda wa kubanki, ya mayi wogulitsa maluwa amene ankamupatsa moni wansangala tsiku lililonse.

"Wawa achimwene," anatero mnzakeyo mwaulemu, ulusi uli kukamwa. "Mumatithandiza."

Manyazi anamugwira bamboyo. Anatembenukira kwa mwana wake.

"Nanga osabwera kwa ine bwanji?"

"Mukanaimatanso, adadi."

Anabwerera pakhonde lake, misomali ataiwala. Anapeza bambo wina akudikira, nsapato ili m'manja.

"Guluu wanuyu amalimba, madala?"

Yankho la masiku onse linafika pakamwa, ndipo linali likadali loona: palibe anabwerako. Analimeza. Anakhuthula chitini cha zipangizo pansi n'kuyamba kufufuza singano. Anaipeza itachita dzimbiri.