Mmero wa Boma

Reinford anapita ku yunivesite ku Zomba kukaphunzira kuimba, ndipo kwawo, m'mapiri a kuseri kwa Mvera, anthu nkhaniyi sinkawalowa m'mutu. Ana a anzawo ankapita kukaphunzira uphunzitsi kapena zamalamulo, koma uyu Boma linkamudyetsa ndi kumugoneka kuti aziimba, chinthu chimene mayi aliyense amachita ulere akusinja pamtondo.

Komatu kuimba kwa kumeneko sikunali kwa masewera. M'mawa kalasi, masana kwaya ya sukulu, madzulo kwaya ya tchalitchi, ndiye pakati apo kukonzekera nyimbo za zikondwerero za dziko, zimene munthu wanzeru sankazikana masiku amenewo. Reinford anali wosadziwa kunena kuti ayi. Ankagona pang'ono, kudya choimirira, mwina osadya n'komwe. Chaka chomaliza chili pakati, mawu ake aja anthu ankawasirira anayamba kusasa, kenaka n'kumatuluka ngati a bakha wamphongo.

Dokotala anamuunika kummero n'kupukusa mutu. Anati mkatimo mwatupa, ndipo mankhwala ake ndi amodzi okha: kukhala chete tchuthi chonse. Osaimba, osalankhula, ngakhale kunong'ona kumene. Akachita makani, mawuwo adzapitiratu osabwereranso. Ndipo mayeso omaliza, oimba yekha pamaso pa aphunzitsi, ankamudikira tchuthicho chikangotha.

Kukhala chete ku Zomba n'kotheka. Koma kumudzi, kumene ukamudutsa munthu osamupatsa moni amakafunsa kwa abale ako chimene anakulakwira?

Atangofika, Reinford anawakokera amayi ake, a Rakele, kuseri kwa chigafa cha fodya n'kuwafotokozera zonse ndi timawu take tomaliza. A Rakele anali mayi wa Chigwirizano kutchalitchi, munthu amene chibadwire mawu anali asanawasowepo.

"Basi zomwezo?" anatero. "Ine ndimayesa wachimwitsa mwana wa eni. Tseka pakamwapo. Kuyambira lero pakamwa pako ndine."

Mawa lake anthu anayamba kubwera kudzalonjera mwana wa ku yunivesite. Aliyense ankakhala pansi n'kupereka moni wakewake, monga mwa mwambo.

"Muli bwanji, a Reinford?"

"Akuti ali bwino, kaya inu anzawo," ankayankha a Rakele, Reinford n'kumangoomba m'manja mwaulemu.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma a Rakele sanachedwe kuzindikira kuti mawu a munthu wa ku yunivesite amalemera kuposa a mayi wolima mbatata, ndipo mawu olemerawo tsopano anali m'manja mwawo. Anayambira pa a Andreya, oyandikana nawo nyumba, amene mbuzi zawo zinkatha kholowa m'dimba.

"Akuti ku Zomba aphunzira kuti mbuzi zosamangirira zimabweretsa matenda pamudzi."

A Andreya anamangirira mbuzi tsiku lomwelo. Amalume ake a Reinford anauzidwa kuti mphwawo akuti mowa auchepetse. Bambo ake, a Obadiya, amene anakhala akuzengereza kufolera khitchini chiyambire dzinja lathalo, anamva kuti mwana akuchita nalo manyazi dengalo, ndipo anakwera pamwamba ndi mtolo wa udzu akung'ung'udza. Reinford ankatong'ola maso, kupukusa mutu, kugwedeza manja kukana kuti sananene zimenezo.

"Mwaonatu?" ankatero a Rakele. "Akuti zamukhumudwitsa kwambiri."

Mnyamatayo ankapsa mtima kwambiri. Ankalakalaka atakuwa kamodzi kokha, mudzi wonse umve kuti iye alibe nazo ntchito mbuzi za a Andreya. Koma akakumbukira bakha uja ankameza malovu. Chomupweteka china chinali chakuti thupi lake linkagwirizana ndi amayi akewo. Ankagona mpaka dzuwa kuswa mtengo, ankamwa uchi ndi mandimu, ankadya maungu ndi chiponde, ndipo masaya amene anawasiya ku Zomba anayamba kubwerera.

Masayawo ndiwo anaitana mavuto. Tsiku lina masana kunafika a Bonifasi, wapampando wa chipani m'deralo, munthu wamfupi wokonda kuyenda ndi amuna awiri a malaya ofiira, asilikali a chipani, kumbuyo kwake kuti azioneka wamtali. Anapeza Reinford ali pakhonde akusenda mbatata yootcha.

"Tamva kuti mwana wathuyu ndi katswiri," anatero atatha malonje. "Loweruka kuli msonkhano, ndipo kubwera alendo ochokera kuboma. Iyeyu ndiye atsogolere nyimbo."

"Akudwala pakhosi," anatero a Rakele.

"Kudwala, ndi masaya amenewa? Mayi, anthutu akulankhula. Akuti ana a ku yunivesite amaderera chipani. Pamsonkhano wathawu tonse tinkayankha mokweza, manja m'mwamba, iye kukamwa kuli phee. Ine sindifuna kupereka dzina la mwana wa mnzanga kwa akuluakulu, koma mukandikakamiza nditani?"

Reinford anasiya kusenda mbatata ija. Ankadziwa anzake amene maina awo anaperekedwa chotero, ndipo mabedi awo ku Zomba ankagonapo ena. Akaimba Loweruka, mawu apita. Akakana, sukulu yapita, mwina ndi iye yemwe. Mantha anamuuza kuti bola bakha wa pamudzi kusiyana ndi katswiri wa m'ndende. Anatsegula pakamwa kuti avomere, koma a Rakele anafulumira kumutsekapo ndi chidutswa cha mbatata.

"Akuti ndikuuzeni ndine," anatero mosatekeseka. "A Bonifasi, ndikufunseni. Sukulu ya mwanayu amalipira ndani?"

"Boma."

"Amamudyetsa kumeneko ndani?"

"Boma lomwelo, mwa chifundo chake."

"Nanga dokotala amene anamutseka pakamwayo ndi wa yani?"

A Bonifasi anayang'ana amuna awiri aja. "Wa Boma."

"Ndiye mmero umenewu ndi wa yani? Wanga? Wanu? Ife angotisungitsa, ngati ng'ombe ya eni m'khola. Akuusungira nyimbo za pamaso pa akuluakulu enieni. Mukafuna, aimbe Loweruka, ine sindingalimbane ndi chipani. Koma ukang'ambika, tsiku limene adzabwere kudzafunsa kuti anawononga katundu wa Boma ndani, ine kunama sindidziwa. Ndine wa Chigwirizano."

Reinford anatsala pang'ono kutsamwa ndi mbatata ija. A Bonifasi anatulutsa kansalu n'kupukuta pachipumi, ngakhale kunali kamphepo ka mwezi wa Julayi.

"Mayi, simunandimve bwino," anatero. "Ine ndimati asaimbe. Ndabwerera zimenezo, kudzaonetsetsa kuti asaimbe." Anatembenukira amuna aja. "Inu awiri, kuyambira lero muzimulondera. Akangotulutsa liwu limodzi, mlandu ndi wanu."

Ndiye taonani zimene zinamuonekera mwana wa eni! Akapita kumtsinje kukasamba, a malaya ofiira ali pamwala. Akayetsemula, ankayang'anana mwamantha. Kutchalitchi ankamukhazika pakati, ndipo nyimbo ikayamba, milomo yake ikangogwedezeka, zigongono zinkamufika m'nthiti mbali zonse ziwiri. A Bonifasi anabweretsa okha botolo la uchi wa ku Ntchisi ndi mpango woti azikulunga pakhosi. Pamsonkhano wa Loweruka uja anamukhazika kutsogolo n'kumuonetsa kwa alendo ngati chitukuko cha m'deralo, ndipo alendowo anamuombera m'manja chifukwa chokhala chete.

Tchuthi chinatha. Dokotala anali atanena kuti pofika nthawiyi akhoza kuyesa mawu pang'onopang'ono, koma Reinford sanayese. Ankaopa. Malinga ali chete, ankatha kukhulupirira kuti wachira. Akatsegula pakamwa n'kutuluka bakha, ndiye kuti zonse zathera pomwepo.

M'mawa wa ulendo anamuperekeza kumsewu gulu lonse: makolo ake, a Andreya, a Bonifasi ndi alonda aja atamunyamulira sutikesi. Basi itaonekera pamtunda, a Rakele anayamba ntchito yawo.

"Akuti mutsale bwino nonse. Akuti a Andreya, chingwe chija musamasule. Akuti akakafika… akuti akakaimba…"

Mawu anawathera panjira. Reinford anawayang'ana n'kuona kuti akungomasula ndi kumanganso mfundo ya chitenje. Apo m'pamene anazindikira kuti tchuthi chonsechi amayi ake ankaopa chinthu chomwecho chimene iye ankaopa, ndipo phokoso lonse lija linali lobisa mantha. Anawamvera chisoni kwambiri moti anaiwala za bakha.

"Amayi," anatero. "Zikomo, amayi."

Mawuwo anatuluka oyera, osalala, opanda kusasa ngakhale pang'ono. Alonda aja anayang'ana a Bonifasi. A Bonifasi anayang'ana a Rakele, kudikira kuti auzidwe ngati pali mlandu. Anthu onse anadikira. A Rakele anatsegula pakamwa, anatsekanso, misozi ili chuchuchu, ndipo kwa nthawi yoyamba mudzi unawaona akusowa chonena.

Kondakitala atayamba kumenya chitseko cha basi, a Rakele anapukuta m'maso ndi chitenje n'kumukankha mwanayo pamsana.

"Iwe, mawuwo usawathere pa ine. Kwera basi."