Kanjedza wa a Medhat

Kwa a Medhat munthu suchoka usanadye. Ukati wakhuta amakuwonjezera mahshi, ndiwo zamasamba zoikamo mpunga m'kati, ukakananso amakuwonjezera mpunga, ukakana kachitatu amakuyang'ana ngati wawatukwana. Mu Alexandria muno tonse timatero ndithu, koma iwo anapyola muyeso. Ndipo khalidwe lomwelo anakalilowetsa mu pulogalamu yathu.

Pulogalamuyo dzina lake ndi Balah, kwathu kuno kutanthauza zipatso za kanjedza, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza anthu kumanga mawebusaiti. Ndi yaing'ono. Anaiyamba ndi a Medhat atapuma pantchito yophunzitsa masamu, ine Rehab ndinalowamo pambuyo pake poti ndinali wophunzira wawo. Mkati mwake ndi mwaukhondo. Lamulo la a Medhat ndi limodzi: kachigawo kalikonse kalandire zimene kapatsidwa, kabweze yankho, kasakhudze za eni. Chimenechi ndimachinyadira mpaka lero.

Vuto linali pakhomo. Munthu akafuna kuyamba ntchito amatsegula zenera lakuda lija lolembamo malamulo, n'kuuza chida cha Balah kuti chimuyalire webusaiti yatsopano. Apa ndiye pankatulukira ulemu wonse wa a Medhat. Choyamba mtengo wa kanjedza, wojambulidwa ndi timizere ndi tinyenyezi ta pa kiyibodi, kudzaza sikirini yonse. Kenako moni wautali. Kenako mafunso. Chidacho chinkafunsa ngati ukufuna chikuikire izi ndi izo. Ukati ayi, chinkafunsa ngati watsimikiza. Ukati watsimikiza, chinkati palibe kanthu, takuikirani pang'ono chabe.

Ine ndinali nditazolowera, maso anga ankangodumpha. Amene sankatha kudumpha anali Girgis. Iyeyu ndi katswiri wolemba mapulogalamu, saona kuyambira ali mwana, ndipo kompyuta imamuwerengera m'makutu chilichonse cholembedwa pa sikirini. Ndi yekhayo amene ankagwiritsa ntchito Balah pa ntchito yeniyeni, kumangira mawebusaiti timakampani ta kudoko.

Anandiimbira ndili mu tiramu, sitima yathu ya m'tauni.

"Rehab, ine zandikwana. Ndikusamuka."

"Ukusamuka kupita kuti, iwe?"

"Kwa anthu amene chida chawo chimadziwa kutseka pakamwa. Lamulungu ndikuyamba ntchito ina yaikulu. Khomo lanu likakhala lomweli, ndikayambira kwina."

"Bwanji osawauza eni ake?"

"Munthu amene amanditumizira mkate wa feteer Khirisimasi iliyonse? Ndiyambira pati? Ukawauze ndiwe, paja sumva manyazi."

Ndinaseka, koma mtima unandiwawa. Girgis akanachoka, Balah akanatsala choseweretsa cha nkhalamba imodzi ndi wophunzira wake. Tsiku lomwelo ndinakonza khomo lija: kanjedza kunja, mafunso kunja, kutsala kamoni kakafupi. Sinali ntchito yovuta. Chovuta chinali chakuti palibe chimalowa mu Balah a Medhat asanavomere.

Lachisanu ndinamutenga Girgis kukadya kwa a Medhat. Ndinadikira mpaka tiyi atabwera, poti nkhani yotere suiyamba munthu atagwira chipande.

"Aphunzitsi, za pakhomo zija zichoke. Mafunso aja nawonso."

Anaika tambula pansi. "Mwana wanga, ukuti mlendo alowe m'nyumba mwanga osapatsidwa moni? Ndine hotela ine?"

"Si nyumba, ndi chida."

"Chida chimaonetsa mwini wake. Za anzathu zija zimangokuyang'ana duu, ngati kalaliki wa kuboma. Changa chili ndi khalidwe."

"Munatiphunzitsa ndinu kuti kachigawo kazichita chokhacho chimene kapemphedwa. Mkati monse mumatero. Nanga pakhomo bwanji? Munthu akuti ayi, inu mukumuikirabe."

"Ayi woyamba si ayi," anatero, osaphethira n'komwe. "Ukudziwa iwe. Funsa Girgis. Girgis, mwana wanga, chida changa chinakulakwirapo?"

Girgis anamwa tiyi nthawi yaitali kwambiri. "Chimalandira bwino alendo, aphunzitsi."

Ndinapsa mtima. Munthu wandiimbira yekha, lero akundigulitsa chifukwa cha mahshi! Koma kukangana ndi a Medhat pakamwa n'kutaya nthawi, anthu a masamu satopa. Kutsutsa galu n'kukumba. Ndinatenga laputopu ya Girgis, ndinazimitsa sikirini kuti bii, n'kuwaveka a Medhat mahedifoni. Ndinapempha Girgis achepetse liwiro la mawu, poti mmene iye amamvetsera, wina aliyense angangomva phokoso.

"Lowani m'nyumba mwanu mmene amaloweramo iyeyu," ndinatero, n'kuwalembera lamulo lija.

Mawu ankamveka pang'ono kunja kwa mahedifoni. Mpata, mpata, mpata, nyenyezi. Mzere wopendekeka, mzere wopendekeka, nyenyezi, nyenyezi, mzere woongoka. A Medhat poyamba anamwetulira. Mpata, mpata, mzere wapansi, mzere wapansi. Kumwetulira kuja kunayamba kuuma. Tiyi anazizira, mawu aja akadali pa masamba a kumtunda. Anakweza dzanja kuti avule mahedifoni.

Girgis anamva kusuntha, n'kuwagwira mkono. "Ayi aphunzitsi, simunadye kanthu. Onjezerani pang'ono."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. A Medhat anabweza dzanja, n'kupirira. Anamva thunthu lonse. Anamva moni. Atafika pa mafunso anayankha ayi, chida chinafunsanso, anayankha ayi mokalipa ngati chikuwamva, chinawauza kuti chawaikira pang'ono chabe. Ndiye kunabwera kachizindikiro kaja kamene kamazungulira ntchito ikamachitika. Ife timakaona ngati kagudumu, koma m'makutu ndi mzere, mzere wopendekeka, mzere, mzere wopendekeka, osaleka.

Anavula mahedifoni pang'onopang'ono. "Tsiku lililonse?"

"Nthawi iliyonse ndikatsegula," anatero Girgis.

"Ndipo sunanene."

"Mlendo sadandaula za mpando umene wapatsidwa, aphunzitsi."

Ndinauza a Medhat kuti khomo ndinalikonza kale. Anandiuza ndiwaonetse zimene ndinakonza. Anavala magalasi, anawerenga, n'kupukusa mutu. Ndinakonzeka kumenya nkhondo ina.

"Kamoni aka ukusiyiranji?"

"Ndimati ndikusiyireniko kena kake."

"Usandichitire chifundo. Wachita ntchito yatheka." Anakoka laputopu yanga n'kuyamba kufufuta okha. Moni anapita. Kagudumu kanapita. Anakonza kuti wofuna zowonjezera azinena yekha polemba lamulo, osati kufunsidwa. Zala zawo zinkathamanga ngati za mnyamata, ndipo ndinakumbuka chifukwa chake ndinawatsatira poyamba paja. Munthuyu akagonja amagonja mpaka pansi.

Tinaika zatsopanozo pa laputopu ya Girgis kuti ayese. Analemba lamulo, anapendeketsa mutu kudikira. Mawu anati, "Zatheka." Basi. Anadikirabe pang'ono, kenako anaseka.

"Kwatha?"

"Kwatha," ndinatero. "Lamulungu ukuyambira kuti?"

"Funso lopusa limenelo." Anatseka laputopu. Kenako anatembenukira kumene kunali a Medhat. "Koma aphunzitsi, ndifunse. Tinyenyezi tija ndi timizere tija, chinali chiyani kwenikweni? Ine ndinkayesa penapake panasokonekera, ndiye ndinkachita manyazi kukuuzani."

Ine ndinamva chisoni chimene sindinachiyembekezere. Zaka zonsezi mkuluyu ankanyadira mtengo wake, ndipo mlendo mmodzi yekhayo amene ankabwera tsiku ndi tsiku sanadziwe n'komwe kuti pakhomo pali mtengo.

A Medhat anasendeza mpando, anatenga dzanja la Girgis n'kulitambasula pa tebulo pakati pa mbale. Ndi chala chawo anayamba kujambula pachikhatho.

"Ili ndi thunthu. Likukwera chonchi. Awa ndi masamba, ena uku, ena uku. Tinyenyezi tija ndi zipatso, zalendewera apa."

Girgis anatsatira chala.

"Kanjedza," anatero. "Koma wapendekeka, aphunzitsi."

"Ndi mphepo ya kunyanja, iwe. Tonse kuno tinapendekeka."

"Jambulaninso," anatero Girgis. "Pang'onopang'ono."