Anganga Jombo

Ana asanu ankatsatira mayi Fainess kuchokera pa sikelo yoyezera tiyi, aliyense akukoka mwendo wamanzere m'fumbi, zala ziwiri zitatsina mphuno.

"Musakhudze jombo yanga!" anabangula wamkulu mwa iwo ndi mawu onenepa ngati akuchokera mu mbiya. "Jombo yanga ndi manda anga!"

Anzakewo anafa nalo phwete. Mayi Fainess sanacheuke. Anangokonza dengu lawo kumsana n'kupitiriza kutsetsereka kanjira ka pakati pa tiyi, jombo yakumanzere ikukhwekhwereza pansi.

Triza, mwana wawo, anali akadali pamzere wa sikelo. Anamva ngati wameza ntchentche. Mawu amenewo ankawadziwa bwino. Ankayankhulidwa m'nyumba mwawo mokha, m'mamawa chitseko chili chotseka, iye akamatsuka chilonda cha mayi ake ndi madzi amchere. Chilondacho chinali pamwamba pa kakolo, chinali chitatha miyezi isanu ndi iwiri, ndipo chinali chitayamba kununkha. Mayi Fainess ankachibisa mu jombo, kumunda ndi kutchalitchi komwe, poopa kuti kapitawo akachiona awachotsa pa ntchito, nyumba ya kampani n'kupita nayo limodzi. Triza akawapempha kuti apite kuchipatala, ankayankha chimodzimodzi: "Jombo yanga ndi manda anga, ndisiye."

"Iwe, waona mzukwa?" anamugwedeza Hazel, mnzake wothyola naye mzere umodzi. "Sendeza dengulo, anthu akudikira."

"Anawa mawu amenewa awatenga kuti?"

"Kodi umakhala dziko liti, achemwali? Amenewo ndi Anganga Jombo! Katuni ya ku nyumba ya kanema ya Peterson ku Masambanjati. Ija tinkasuzumira pawindo la nyumba ya akalaliki tili ana, ya anthu ovala zasiliva ouluka ndi chombo pakati pa nyenyezi. Peterson anaipeza yonse pa fulashi, koma imayankhula chiyankhulo cha kutali chosamveka. Ndiye pali munthu amakhala kuseri kwa katani n'kumaimasulira pa maikolofoni. Loweruka lililonse ana amachita kupondana."

"Munthuyo ndani?"

"Palibe akumudziwa. Amalowera chitseko chakumbuyo." Hazel anatsitsa mawu. "Koma iwe usakwiye. Chilombo chake chimakoka mwendo, ndiye anawa akaona amayi ako... ndi ana basi."

Triza anasendeza dengulo. Dengu lake linayezedwa koma sanamve n'komwe makilo ake. Chinsinsi chija anauzapo munthu mmodzi yekha padziko lonse.

Unali mwezi wa Ogasiti, pansi pa mitengo ya bulugamu kuseri kwa fakitale. Limbikani, chibwenzi chake, yemwe ankagwira ntchito yoyanika masamba mufakitalemo, ndiye anayambitsa masewerawo. Anati anthu awiri ofuna kukwatirana ayenera kusinthana chinsinsi chimodzi chimodzi, kuti wina asunge mtima wa mnzake ngati chikole. Iye anaulula kuti amaopa nanzikambe. Triza anaseka, kenako analira, kenako anaulula zonse: chilonda, fungo, madzi amchere, ndi mawu a manda aja. Limbikani anamupukuta misozi ndi chala chachikulu, nati, "Ngakhale nyenyezi zonse zitazima, ine ndidzakupeza ndi fungo la tsitsi lako." Triza anawasunga mawuwo mumtima ngati kalata.

Chinkhoswe chawo chinali chitatsala milungu itatu. Ndipo Loweruka lililonse masana Limbikani ankati akupita ku kwaya ku Khwethemule.

Loweruka limenelo Triza anaweruka, nasamba, nakwera kabaza mpaka ku Masambanjati. Njira yonse ankadziuza kuti mwina mayi ake anayankhula mawuwo mokweza tsiku lina, wina n'kumva. Mwina Limbikani anali ku kwayadi, akuimba besi yake ija.

Nyumba ya kanema ya Peterson inali kuseri kwa ogulitsa nthochi, yomanga ndi malata akale ndi mapepala akuda. Atangolowa, fungo linamumenya kumaso: thukuta, mikodzo ya kuseri kwa khoma, mafuta opsa a tchipisi, ndi makoko a nzimbe owolera pansi pa mabenchi. Ana anali atapanikizana ngati usipa mu dengu. Triza anakhala kumapeto kwa benchi, phazi lake n'kuponda chinthu chonata chomwe sanafune kuchidziwa.

Wailesi yakanema inayaka. Chombo chasiliva chinadutsa pakati pa nyenyezi, zithunzi zake zofiirira ndi ukalamba. Kwa kamphindi Triza anaiwala chomwe anabwerera. Anakumbukira ali wamng'ono, ataima pa njerwa pawindo la akalaliki, akukhulupirira kuti kumwamba kuli mizinda ya galasi yopanda sikelo kapena kapitawo.

Kenako mawu anatuluka m'sipika.

"Ana inu, mwakonzeka? Kaputeni Mphezi wafika pa mwezi wachisanu!"

Mawuwo anali opotozedwa, koma pambuyo pake panamveka kakhosomole kouma, kawiri motsatizana, ka munthu wopuma fumbi la tiyi mufakitale. Triza anatseka maso.

Pa kanemapo panatuluka chilombo chobiriwira, chonenepa, chikukwawa kuchokera m'dambo lofuka nthunzi, mwendo umodzi ukukokeka pambuyo. Ana anakuwa ndi chimwemwe natsina mphuno onse pamodzi.

"Fuuu! Ndani watsegula chimbudzi cha kumwezi?" anatero mawuwo. "Si chimbudzi ayi, ndi Anganga Jombo avula jombo! Bweretsani madzi amchere! Tsekani chitseko, kapitawo angamve fungo!"

"Jombo yanga ndi manda anga!" anayankha anawo ngati kwaya.

Chilombocho chinagwira mtsikana wa tsitsi lalitali n'kumutsekera m'phanga. Kaputeni wovala zasiliva anagwada kunja kwa phangalo.

"Usalire, Mfumukazi Tiriza," anatero mawuwo, tsopano mofewa. "Ndidzakuchotsa m'nyumba yonunkhayi. Ngakhale nyenyezi zonse zitazima, ine ndidzakupeza ndi fungo la tsitsi lako."

Ana anaimba malikhweru. Triza anadzuka. Anadutsa pamwamba pa miyendo ya ana, nafika pa katani yakuda pambali pa wailesiyo, naikoka.

Limbikani anali atakhala pa kreti, malaya atavula, maikolofoni m'dzanja, botolo la thobwa pakati pa miyendo. Kumwetulira kunali kukadali pankhope pake. Kunazima pang'onopang'ono.

"Triza..." Dzinalo linamveka m'sipika nyumba yonse.

"Kwaya yake ndi imeneyi, a Limbikani?"

Peterson anabwera akuthamanga. "Achemwali, kuno sikulowa anthu! Mukundiwonongera sho!"

"Pitirizani sho yanu, bambo. Ine ndabwerera Kaputeni Mphezi."

Triza ndi Limbikani anatulukira chitseko chakumbuyo, pafupi ndi dzala lodzaza ntchentche. Limbikani ankavala malaya mopupuluma, mabatani akusemphana.

"Mvetsera, wokondedwa. Ndinkafuna ndidzakuuze tikatha chinkhoswe. Sapulaizi."

"Ndaiona sapulaizi yanu."

"Katuniyi chiyankhulo chake sindichimva ngakhale liwu limodzi. Ndimangopeka. Milungu yoyamba ndinkanena za nyenyezi ndi makina, ana n'kumagona. Peterson anatsala pang'ono kundithamangitsa. Tsiku lina chilombo chija chinatuluka chikukoka mwendo, mawu n'kungotuluka okha pakamwa. Ukanawona mmene anasekera! Koma dzina la amayi sindinatchule. Ndikulumbira, sindinatchule."

"Pa esiteti yonse ndi anthu angati amavala jombo kutchalitchi?"

Limbikani anakanda m'mutu. "Ana amaiwala msanga. Pofika Khirisimasi adzakhala atapeza china."

"Lachinayi anawatsatira kuchokera pa sikelo atatsina mphuno. Kapitawo anali ataima pomwepo."

"Ndiye ndi vuto langa kuti mwendowo ukununkha?" Anazindikira kuti wapsa, nayesa kuseka. "Iwe, taona mbali inayo. Mfumukazi ndinaitcha dzina lako. Ana onse a ku Masambanjati akudziwa kuti Tiriza ndi wokongola kuposa mwezi. Ndi mnyamata uti anachitirapo mkazi wake zimenezo?"

"Ndipo Kaputeni adzamuchotsa m'nyumba yonunkha."

"Imeneyo ndi nthano chabe."

"Tinagwirizana kuti tikakwatirana mudzakhala kwathu mpaka amayi atachira. Munavomera pamaso pa amalume."

Limbikani anayang'ana ntchentche za padzala.

"Mawu a nyenyezi aja," anafunsa motsitsa, "munayamba kuwanena kwa ine, kapena kwa anawa?"

"Kodi zili ndi kanthu?"

Anatambasula dzanja kuti amugwire pamapewa. Triza analiyang'ana dzanjalo, chala chachikulu chija chomwe chinamupukuta misozi, tsopano chili ndi mafuta a tchipisi. Thupi lake lonse linanyansidwa, nabwerera m'mbuyo.

M'katimo ana anayamba kumenya mabenchi. "Anganga Jombo! Anganga Jombo!" Peterson anasuzumira pachitseko. "Aise, ana akufuna kuphwanya mabenchi. Ukubwera kapena ayi?"

Limbikani anayang'ana Triza, nayang'ana chitseko. "Dikira mphindi makumi awiri zokha. Gawoli likangotha tikambirana bwinobwino."

Analowa. Triza anaima mpaka anamva kakhosomole kaja m'sipika, kawiri motsatizana. Kenako ananyamuka.

Anafika kwawo dzuwa likadalipo. Mayi Fainess anali pakhonde akusankha nyemba, jombo zonse ziwiri kumapazi ngakhale kunkatentha. Triza anakhala pansi pafupi nawo nawauza zonse, kuyambira pansi pa bulugamu mpaka kuseri kwa katani. Sanabise kuti pakamwa poyamba kuulula panali pake.

Zala za mayi Fainess zinapitiriza kusankha nyemba.

"Ndiye ine ndili pa kanema?" anafunsa.

"Amayi..."

"Chilombocho n'chamtundu wanji?"

"Chobiriwira."

"Ngati tiyi." Anaseka pang'ono. "Munthu amene uja ankadya m'mbale zanga. Ndinkamusungira chiwindi cha nkhuku. Chikomekome cha nkhuyu, mwana wanga." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Koma iwe usataye banja chifukwa cha mwendo wanga. Mwendowu wawola kale. Amuna a ntchito ya mufakitale satoleka m'njira."

"Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Munandiphunzitsa ndinu."

"Wangawu sunachepe, watupa."

"Ndiye bwino, ndiuona ndili patali."

Triza analowa m'nyumba. Anatsegula sutikesi natulutsa chitenje chabuluu cha nyenyezi zoyera ndi foni yaing'ono, zomwe Limbikani anapereka ngati chikole. Anachotsamo simu, nakulunga foniyo m'chitenjemo, namanga mfundo ziwiri. Fungo la sopo wa Limbikani linali likadali mu nsaluyo. Anaiika mu jumbo kuti asalimvenso.

"Ukupita kuti?" anafunsa mayi Fainess atamuona akutuluka ndi jumboyo.

"Kwa amalume a Lackson. Akabweze okha kwa ankhoswe a kwawo. Ine Limbikani sindikufuna kumuonanso m'maso."

"Anthu adzafunsa chifukwa."

"Akafunse ana a ku Masambanjati. Akudziwa zonse."

Mayi Fainess anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anakankhira lichero la nyemba pambali, nawerama, nagwira jombo yakumanzere ndi manja awiri. Inatuluka movutikira. Nsanza ya mkati inali itamatirira, ndipo fungo linafalikira pakhonde ponse mpaka kwa aneba, omwe anali kuanula zovala. Mayi wa nyumba yoyandikanayo anacheuka, nayang'ana mwendowo, nagwira pakamwa.

"Yang'anani ndithu, anzanga," anatero mayi Fainess. "Ena amalipira kuti aone zimenezi."

Anatambasula mwendowo padzuwa, koyamba m'miyezi isanu ndi iwiri.

"Lolemba ukamuuze kapitawo kuti tili kuchipatala," anatero osamuyang'ana Triza. "Akafuna kundichotsa andichotse. Chobisa chatha."

Triza anaika jumbo ija pansi. Kwa amalume kunali kotheka kupita mawa akaweruka kutchalitchi. Anatenga jombo ija n'kukaiponya kuseri kwa nyumba, nakoleza mbaula, natereka madzi. Atafunda anathiramo mchere, nabweretsa beseni pakhonde pomwepo, chitseko chili chotsegula.