Mizere Isanu ndi Iwiri ya Manambala

Ababa anayeza madzi a m'zitsime zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo zonse ankasunga m'kompyuta imodzi yachikale, ya chimutu ija, imene poyaka imabuula ngati lole yokwera chitunda. Atadwala sitiroko, mawu anathawa, dzanja lamanja linafa. Patapita miyezi itatu, mayi wina wa ku ofesi yawo yakale anabwera kudzapempha manambalawo. Zitsime zikuuma, anatero, ndipo palibe wina amene analemba za madziwo kuyambira kale ngati iwo.

Ndinalonjeza. Ndinkafuna kuti thukuta la ababa ligwire ntchito iwo akadali moyo.

Koma mafayilo anakana kutseguka. Pulogalamu yowawerengera inali itapita. Achimwene anga, akatswiri a chilichonse, anaifufuta kuti apeze malo osungira zithunzi za ukwati wawo. Ndinawakalipira mpaka mawu anasasa, kenaka ndinanyamula chikompyutacho kupita nacho kwa wokonza, m'kashopu kodzaza mawaya ndi fumbi.

"Achemwali, awa ndi agogo a makompyuta," anatero wokonzayo akuseka. "Pulogalamu yatsopano singalowe muno, yakale kuipeza ndi ntchito. Bwanji tingoikamo sisitimu ina?"

"Musayerekeze. Mukangofufuta kanthu, tidana."

Tinasaka masabata awiri. Pa intaneti dzina lake linalipo, koma tikadina, tsamba linali litafa. Tinapeza ina, kompyuta inailavula: inali ya sisitimu yatsopano. Ndinayenda m'maofesi, kufunsa anthu amene ankandiyang'ana ngati ndikufuna mafuta a nyali. Mapeto ake mphunzitsi wina wopuma ntchito anatulutsa sidi ya pulogalamuyo m'dirowa, pansi pa mabatire akutha. Anaipukuta pa malaya n'kundipatsa.

Inalowa. Fayilo yoyamba itatseguka ndinakuwa, wokonza uja mpaka kugwetsa sikuludiraiva. Manambala anadzaza galasi lonse, mizere isanu ndi iwiri yotsika pansi, masamba ndi masamba.

"Nanga mitu yake ili kuti?" anafunsa wokonzayo.

Panalibe. Ababa ankagwira ntchito okha, ndipo sanalembe kuti mzere uwu ndi chiyani, uwo ndi chiyani. Akanalemberanji? Munthu salemba mayina pamphumi pa ana ake. Mayi wa ku ofesi atawona, anapumira m'mwamba. Mzere wa madeti anauzindikira, koma mizere inayo ayi, ngakhale nambala ya chitsime. Kungolota, anatero, n'kunamiza anthu.

Ndinasindikiza tsamba limodzi n'kupita nalo kunyumba. Ababa anali pampando wawo pafupi ndi zenera, thaulo lili pachifuwa. Ataona pepalalo nkhope inawala. Analigwira ndi dzanja lamanzere, chala chikutsika ndi manambala pang'onopang'ono.

"Ababa, mzere wachitatuwu ndi kuya kwa madzi?"

Anagwedeza mutu kuvomera. Ndinalemba msanga. Koma china chake chinandiuza kuti ndifunsenso.

"Kapena ndi mchere wa m'madzi?"

Anavomeranso.

"Ndi mvula, ababa?"

Anavomera, akumwetulira, akundiyang'ana ngati mwana amene wakhoza mayeso. Apo m'pamene ndinadziwa kuti matendawo sanatseke pakamwa pokha. Ndinalira, sindibisa, ndinalira ndili chogwada pambali pa mpandowo.

Ndinafuna kutenga pepalalo, koma iwo analikanikiza pachifuwa. Ndinawasiyira.